Phindu la zotsalira za nzimbe lifike ku Rugare

Petulo amene galimoto zambiri zikuyendera mu Harare ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Boma la Zimbabwe lidakhazikitsa lamulo losakaniza mafutawa mu 2013, koma luso lake ndi lakale. Fakitale ya ku Triangle idayamba kupanga ethanol kuchokera ku molasesi mu 1980, ya ku Dwangwa m'Malawi idatsatira mu 1982, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idatsegulidwa mu 2004. Ife tikuti ntchitoyi idayima pakati, chifukwa phindu lake lathera m'thanki ya galimoto osafika pakhomo pa munthu wamba.

Pa matani 100 a nzimbe ogayidwa pamatsala matani pafupifupi 30 a zinyalala zofinyidwa, matani atatu kapena anayi a molasesi, ndiponso matope otsala posefa madzi a nzimbe. Zinyalala zofinyidwazo amazitentha kuti apeze nthunzi ndi magetsi oyendetsera makina. Molasesi amamuthira yisiti, yemwe amadya shuga wotsalira n'kutulutsa mowa, kenako amautcheza monga amachitira ndi kachasu. Koma walira mvula walira matope: pa lita imodzi ya ethanol pamatuluka malita oposa 10 a madzi akuda onunkha otchedwa vinasse. Anthu a ku Chisumbanje, kumene kuli fakitale ya Green Fuel, ndiponso a ku Dyeratu m'boma la Chikwawa akhala akudandaula ndi madzi otere.

Chonsecho madzi omwewa ndi chuma. Akatsekeredwa m'thanki mopanda mpweya, tizilombo tosaoneka ndi maso timawasandutsa gasi wophikira kapena wopangira magetsi, ndipo zotsala zake zimakhala ndi mchere wa potashi umene mbewu zimafuna. Matope aja akawoleredwa bwino amasanduka manyowa. Zinyalala zofinyidwa ndi malo abwino omeretserapo bowa wodyedwa, ulimi wotheka ngakhale m'kachipinda kuseri kwa nyumba. Ku Brazil adafika patali: kuyambira mu 2014 kuli mafakitale amene amaphwanya ulusi wa zotsalira za nzimbe kuti usanduke shuga, n'kupanganso ethanol popanda kuwonjezera minda.

Nkhaniyi ikukhudza mwachindunji a ku Rugare, dera la mumzinda wa Harare. Malowa adamangidwira ogwira ntchito za njanji, ndipo ambiri mwa iwo adachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, monganso anzawo amene ankadula nzimbe ku Triangle ndi ku Hippo Valley. Ntchito za njanji zitachepa, okalamba adatsala ndi penshoni yosakwanira, ana awo n'kumagulitsa malonda m'misewu. Mabanja ambiri amalima chimanga ndi masamba m'timalo topanda nyumba, feteleza akugula wodula, magetsi akathima n'kumaphikira nkhuni. Si bwino kuti anthuwa azivutika ndi feteleza pamene manyowa angapangidwe m'dziko momwemo, ndipo njanji yochokera ku Chiredzi, dera lolimidwa nzimbe, ilipo kale. Mabogi onyamula manyowa ndi zinyalala zomeretsera bowa angathandize alimi a m'tauni ndi kupatsanso njanjiyo katundu.

Tikudziwa kuti makina osandutsa zotsalirazi ndi odula, ndiponso kuti mafakitale amafuna zinyalala zambiri kuti azitenthe. Komabe mtengo wosiya madzi a vinasse kulowa m'mitsinje amaulipira ndi osauka, amene amamwa ndi kumwetsa ziweto kumeneko.

N'chifukwa chake tikupempha zinthu zitatu. Bungwe loteteza chilengedwe la EMA lisamapereke chilolezo kwa fakitale ya ethanol imene sikuonetsa kumene vinasse wake akupita. Akatswiri a ku Harare Institute of Technology ndi a ku bungwe la kafukufuku la SIRDC atuluke m'malabotale, adzaphunzitse achinyamata ndi amayi a ku Rugare kulima bowa ndi kupanga manyowa. Makampani a shuga nawo apatule gawo la zotsalira zawo, aligulitse pa mtengo wotsika ku magulu a anthu a m'makomboni.

Inu a ku Rugare, musadikire kuti wina adzakugogodereni pakhomo. Pangani magulu kudzera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'mabungwe othandizana pa maliro, ndipo mukaitule nkhaniyi kwa khansala ndi phungu wanu.