Makina oyeza minofu aphunzire matenda a m'mbali mwa Shire

Mayi wa ku Liwonde akapezeka ndi chilonda pa khomo la chiberekero, namudula kanyama kuti kakaunikidwe, amabwerera kwawo mtima uli m'mwamba. Pakuti ngakhale chipatala cha boma la Machinga chili pafupi, madokotala odziwa kuwerenga kanyamako pagalasi ngowerengeka m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kanyamako kamayenda ulendo wautali, kukadikira pamzere, pamene nthenda ikudya thupi usana ndi usiku. Ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yapululutsa amayi koposa.

Tsopano kwamveka mbiri ya makompyuta amene, ataonetsedwa zithunzi zikwizikwi za minofu yodwala ndi yamoyo, amaphunzira kuloza pamene pabisala nthenda, ndipo m'chaka cha 2021 dziko la America linavomereza amodzi otere kuti azithandiza kupeza khansa ya prostate. Akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndikuti timulandire ndi manja awiri. Njira yake inalambulidwa kale: chipinda choyezera minofu chimene chinatsegulidwa pa chipatala cha Kamuzu Central m'chaka cha 2011 chakhala chikuonetsa zithunzi zotere kwa akatswiri a ku North Carolina kudzera pa intaneti.

Koma pali chimene chimandivutitsa mtima. Ife a kuno, amene amayi athu amachapa ndi kusamba mu Shire, m'nyanja ya Malombe ndi ya Chiuta, tili ndi likodzo, limene mazira ake amakhazikika pa khomo lomwelo la chiberekero, nayambitsa zilonda zokhoza kusokoneza ngakhale woyeza wozolowera. Nanga kompyuta imene inaphunzira pa minofu ya anthu a ku Ulaya, kumene likodzo ndi mlendo, idzazindikira bwanji chimene sinachionepo? Ikalakwa, mayi wosadwala khansa adzalira maliro ake omwe, pamene wodwaladi adzauzidwa kuti apite mumtendere.

Chifukwa chake ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu ya ukachenjede ya KUHeS kuti, makinawo asanaloledwe kuweruza thupi la Mmalawi aliyense, ayambe ayesedwa pa minofu ya odwala a ku Machinga ndi ku Balaka, eni ake atavomera, ndi kuti dzina lolembedwa pansi pa zotsatira likhale la dokotala amene mayiyo angathe kumufunsa.