Khansala wa Mumzinda Sanasankhidwire Kugula Mabokosi a Maliro

Pa misonkhano ya nthambi timamva ena akunena kuti za khonsolo ya mzinda n'za anthu a m'tauni, ife a kumudzi sizitikhudza. Mawu amenewa tikuwakana. Kodi tomato ndi mbatata zathu sitikagulitsa ku msika wa Limbe kapena ku msika waukulu wa Lilongwe? Ndalama ya chiphaso imene amayi athu amapereka kumeneko asanagulitse ngakhale mulu umodzi imalowa m'thumba la khonsolo. Ndipo ana athu amene anapita kukafuna ntchito akukhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chinsapo ndi ku Mtandire, pansi pa ulamuliro wa khonsolo zomwezo.

Tsono khansala ntchito yake n'chiyani? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa khonsolo mphamvu zotolera msonkho wa nyumba ndi wa misika, zopanga malamulo a mumzinda, ndi zosamalira misika, zinyalala, ngalande ndi misewu ya m'makwalala. Makalaliki ndi amisiri amalembedwa ntchito, koma khansala amasankhidwa ndi anthu a m'wodi yake kuti akakhale pamene ndalama zikugawidwa, avomere kapena akane, ndi kufunsa olembedwa ntchito aja kumene ndalama zapita. Meya amasankhidwa pakati pa makhansala omwewo.

Koma abale, ife tomwe tikuipotoza ntchito imeneyi. Munthu akangosankhidwa, m'mawa mwake pakhomo pake pamadzaza: uyu akufuna bokosi la maliro, uyo galimoto yonyamula mtembo kupita kumudzi, winayo fizi ya mwana. Akapereka timamutama kuti ndi munthu wabwino, ngakhale ku msonkhano wa khonsolo amangokhala duu ngati chitsa. Chifundo pa maliro sitikuchinyoza, ndi mwambo wathu. Koma khansala amene thumba lake lauma ndi zopempha zathu amayamba kuyang'ana thumba la khonsolo ndi diso lina, ndipo amene tadya zake sitingathenso kumufunsa kanthu.

Tisaiwale kuti mpando umenewu unakhalapo wopanda munthu. Makhansala osankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala kufikira chisankho cha pa 20 May 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zonsezo misonkho inkatoleredwabe, koma panalibe khansala ndi mmodzi yemwe woti afunse za ndalamazo m'malo mwa eni ake.

Ndipo zinyalala si nkhani yaing'ono. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kotero kuti mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Mipope ya madzi ili m'manja mwa mabungwe a madzi, inde, koma chimbudzi cha pamsika ndi dzala losawoledwa ndi mlandu wa khonsolo.

Chifukwa chake tikupempha alembi a nthambi kuti pa msonkhano ukubwerawu afunse onse amene amagulitsa malonda m'tauni: chiphaso mukulipira zingati, risiti akukupatsani kapena ayi, chimbudzi cha pamsikapo chili bwanji? Mayankhowo alembedwe bwino, atumizidwe kwa khansala wa wodi imene muli msikawo, ndipo kalata ina itsale m'buku la nthambi pamodzi ndi tsiku limene inatumizidwa.