Dzino si opena

Pachinkhoswe kapena pagolosale pafupi ndi sukulu, opena ikasowa pamapezeka mnyamata woti "bweretsani kuno", n'kutsegula botolo la Fanta ndi mano. Anzake amaomba m'manja. Ine siniomba nawo, ndipo ndikufuna nanunso musiye.

Mnyamata wotereyu amadalira mfundo yoona. Enamel, gawo loyera lakunja kwa dzino, ndi yolimba kuposa chilichonse m'thupi, ngakhale fupa. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kuvuta kwa chinthu kukandika kuyambira 1 mpaka 10, enamel ili cha pa 5. Koma mawu akuti "kulimba" amatipusitsa. Kapu yagalasi simungaikande ndi chikhadabo, koma taigwetsani pasimenti muone. Enamel nayo ndi choncho: pafupifupi 96 peresenti yake ndi mineral yotchedwa hydroxyapatite, ndipo ikapanikizika kwambiri sipindika, imang'aluka.

Tiyeni tiwerengere monga timachitira m'kalasi ya physics. Pressure ndi force kugawa ndi area. Tiyerekeze kuti mwakoka chitsekerero ndi mphamvu ya 100 N, yomwe ndi ngati kulemera kwa malita 10 a madzi. Chitsekererocho n'chachitsulo, ndipo chimagwira dzino pakamalo kakang'ono, tinene 1 mm². Yankho ndi 100,000,000 Pa, kuwirikiza pafupifupi ka 1,000 pressure ya mpweya umene watizungulirawu. Zonsezo pakansonga ka dzino limodzi!

Ndikudziwa, wina ayankha kuti, "Aphunzitsi, ine ndinayamba kalekale ndipo mano anga ali bwinobwino." Timing'alu toyamba sitioneka ndi maso ndipo sitipweteka. Koma paliponse pamene pali kamng'alu, mphamvu imaunjikana kumapeto kwake, ndiye botolo lililonse limakakulitsa pang'ono. Tsiku lina dzino limabenthuka mukudya chimanga chokazinga, inu n'kumanena chimangacho. Choipa kwambiri n'chakuti mu enamel mulibe maselo amoyo. Fupa likathyoka limalumikizana, bala limapola, koma enamel ikachoka sibwereranso. Mng'alu ukafika pa dentine, gawo lofewerapo la pansi pake, madzi ozizira amayamba kulasa. Ukafika mkati mwenimweni, mmene muli mitsempha, mabakiteriya amapeza njira, ndipo nthawi zambiri mapeto ake amakhala kuzula dzinolo.

Masamu omwewa akukhudzanso osenda waya wamagetsi ndi mano, otafuna zolembera pa prep, ndi oluma firizi youma gwa. Nzimbe sindikuletsani, ine ndemwe ndimaikonda, koma khungu lake sendani ndi mpeni. Otsuka mano ndi makala kapena phulusa, dziwani kuti mukalowa timchenga mwadzivulaza, chifukwa quartz ya mumchenga ili pa 7, ndiye imakanda enamel. Ndipo nsonga ya compass ya mu mathematical set si yotokosera nyama m'mano. Imabaya nkhama n'kusiya kabala.

William Painter wa ku Baltimore, ku America, amene anapanga chitsekerero chamtunduwu mu 1892, anapanganso opena yake patangopita zaka ziwiri. Opena ndi lever basi. Ikasowa, supuni imagwira ntchito yomweyo: gwirani khosi la botolo zolimba, lowetsani nsonga ya supuni pansi pa chitsekerero, itsamiritseni pa chala chanu ngati pivot, kenako kanikizani chogwirira pansi.