Mimba ya bambo yadzaza madzi, akuti ndidawasempha



Ndine mayi wa zaka 31, wa ana atatu. Amuna anga atupa mimba kwa miyezi 8 tsopano. Kuchipatala adati chiwindi chidawonongeka ndipo awapopa madzi kanayi, koma pakangotha masabata atatu mimba imadzazanso. Akuchimuna akuti ndidawasempha pothira mchere m'ndiwo nditayenda ndi mwamuna wina, chonsecho ine sindidachitepo zotere. Alamu anga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko amaika kapaipi m'chiwindi madzi n'kusiya, ndiye tigulitse dimba tipite. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru,
Salima

Mwanawe,

Pukuta misozi kaye. Mchere uli nawodi mlandu pa nkhaniyi, koma osati mlandu umene akukunamizirawo.

Magazi ochokera m'matumbo amadzera m'chiwindi asadabwerere kumtima. Chiwindi chikadwala kwa zaka zambiri chimachita zipsera n'kuuma, magazi n'kumavutika kudutsa. Zimakhala ngati mchenga watseka ngalande: madzi amasefukira pambali. Madzi a m'magazi amayamba kuchucha n'kumasonkhana m'mimba, ndipo impso nazo zimayamba kusunga mchere ndi madzi ambiri. Zimene zimawononga chiwindi kwathu kuno kawirikawiri ndi kachilombo ka Hepatitis B, mowa makamaka kachasu, komanso likodzo la m'matumbo, lomwe si lachilendo kwanu kunyanjako. Apa palibe tsempho ayi. Uwatenge apongozi ako ndi ankhoswe tsiku lopita kuchipatala akamve okha kwa dokotala.

Tsono za kapaipiko. Alamu ako sakunama, njirayi ilipodi ndipo madokotala amaitchula kuti TIPS. Sang'amba pamimba ayi. Amalowetsa kachubu kudzera mu mtsempha wa pakhosi mpaka m'chiwindi, akuyang'ana pa makina ounikira m'thupi. Akafika amaboola njira yachidule pakati pa mtsempha wolowetsa magazi ndi wotulutsa, n'kusiyamo kapaipi kachitsulo ka mamilimita 8 mpaka 10 m'mimba mwake kuti njirayo isatsekeke. Magazi akapeza podutsa, madzi amachepa pang'onopang'ono pa masabata kapena miyezi ingapo. Kapaipi kachitsulo kotere adakaika koyamba mwa munthu mu 1988 ku Freiburg, m'dziko la Germany.

Koma mvetsa bwino apa usadagulitse dimba. Kapaipika sikachiza chiwindi. Ntchito ina ya chiwindi ndi kusefa poizoni m'magazi, ndiye magazi akamalambalala, poizoniyo amakafika kuubongo. Pafupifupi mmodzi mwa atatu oikidwa kapaipi amayamba kusokonezeka mutu: kugona masana usiku ali maso, kuiwalaiwala, kuyankhula zosamveka, ena mpaka kukomoka. Vutoli amalichepetsa ndi mankhwala a lactulose, koma nthawi zina amachita kukachepetsa kapaipiko kapena kukatseka. Kamathanso kutsekeka kokha, n'chifukwa chake wodwala amayenera kumakaunikidwa pafupipafupi. Kutanthauza kuti ndalama yake si ya ulendo umodzi.

Si wodwala aliyensenso amene amamuika. Amene mtima wake ndi wofooka, amene chiwindi chafooka kwambiri mpaka maso achita chikasu chodetsa nkhawa, kapena amene adayamba kale kusokonezeka mutu, kapaipi kakhoza kumufupikitsira moyo. Amakaganizira pokhapokha mankhwala ndi kuchepetsa mchere zalephera. Choncho pempha dokotala amene akuwaona akuuze ngati bambowo ndi oyenera, alembe kalata ndi zotsatira za magazi, alamu ako akaonetse akatswiri kumeneko musadakwere basi. Mbuzi sagula ili m'thumba.

Pakadali pano pali zambiri zoti uchite pakhomo. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuwerengera zakudya zonse. Soda wa m'therere, chidulo, timakyubu tokometsera ndiwo ndi nsomba zouma zothira mchere, zonsezi n'zofanana ndi mchere womwewo. Mowa asiyiretu, olo botolo limodzi. Mankhwala okodzetsa monga spironolactone ndi furosemide amwe mmene adawalembera, osadumphitsa komanso osawonjezera okha. Brufen, diclofenac ndi aspirin asakhudze, amapweteka impso ndipo amatha kuyambitsa kutaya magazi. Zitsamba zosadziwika muyeso zimangomaliza chiwindi chotopa kale. Adye bwino: mazira, nyemba, nsomba zaziwisi, mkaka, ndi kaphala asadagone, poti matendawa amadya minofu.

Kupopa madzi usakuope. Kumapepuza mpweya, munthu n'kudya bwino. Ena amati kupopako ndi kumene kumachulukitsa madzi, koma ayi, amabwerera chifukwa gwero lake likadalipo.

Ukaona thupi latentha, m'mimba mukupweteka, akusanza magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, mkodzo wachepa kapena ayamba kubwebweta, usadikire kuti kuche. Thamangira nawo kuchipatala.

Chomaliza, funsa chimene chidawononga chiwindicho. Ngati ndi Hepatitis B, pali mankhwala a tenofovir amene amagonetsa kachilomboko, ndipo iwe ndi ana mukayezetse chifukwa kamafala kudzera m'magazi, pogonana komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Ngati ndi likodzo, praziquantel alipo. Katemera wa Hepatitis B adalowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, choncho amene mudabadwa chakachi chisadafike ambiri simudabayidwe. Inu makolo nonse owerenga, tsegulani mabuku a kusikelo muone ngati ana anu adamaliza katemera wawo, ndipo mwana amene amasamba m'nyanja kapena m'madambo asaphonye mankhwala a likodzo akamagawidwa kusukulu.