Mlendo ndi Tebulo la Nthano

Wapaulendo wokonda bawo savutika. Kuyambira ku Zomba mpaka ku Zanzibar amangokhala pansi n'kuyamba kutakata, ngakhale asakumvana chinenero ndi mnzakeyo. Wokonda Dungeons & Dragons, masewera amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, alibe mwayi wotere. Masewerawa ndi mawu okhaokha: mmodzi amasimba nkhani, ena amalankhula ngati anthu a m'nkhanimo, ndipo dayisi la mbali 20 limagamula ngati chimene wina wayesa chatheka.

Ku Johannesburg kapena ku London, mlendo angapeze gulu pa Facebook, pa Meetup kapena m'masitolo ogulitsa masewera. Apemphe masewera otha usiku umodzi, pakuti magulu ambiri amakoka nkhani imodzi kwa miyezi, ndipo wodutsa amangowasokoneza. Koma afunse kaye za chinenero. Munthu wa Chingerezi cha m'kalasi amakhala akumasulirabe nthabwala m'mutu anzake atapita kale patsogolo. Pakutha pa ola wasanduka woponya dayisi chabe.

Ku Chipata, ku Ulongwe kapena ku Dedza, kuli bwino kuyambitsa gulu kusiyana ndi kulifunafuna. Mlendo anyamule madayisi m'thumba, asonkhanitse omulandira pakhonde madzulo, asimbe m'Chinyanja. Anthu amene anakula akuyankha "tili tonse" pa nthano za agogo safunika kuphunzitsidwa kulowa m'nkhani ya wina. Chingawavute ndi masamu a m'buku la malamulo, ndipo ambiri mwa malamulowo angathe kuwasiya usiku woyamba.