ATSOGOLERI A MABUNGWE APHUNZIRE PA MBIRI YA NAMBOARD

Kampani iliyonse ndi kabungwe kalikonse ka malonda kamafika pa nthawi yakuti kayenera kusintha kayendetsedwe ka nchito yake. Nkhani imene iyenera kudetsa nkhawa anthu a m'midzi ndi yakuti kusinthako kumacitika motani, cifukwa atsogoleri akalakwitsa mu ofesi, amene amalipira ndi mlimi amene wagona pa depoti kulondera masaka ace a cimanga. Mbiri ya kagulidwe ka cimanga m'Zambia ili ndi maphunziro okwanira pa nkhani imeneyi.

M'caka ca 1969 Boma la Dr Kenneth Kaunda linakhazikitsa National Agricultural Marketing Board, imene alimi anaizolowera ndi dzina lakuti Namboard. Nchito yace inali yogula cimanga, kucisunga, kucitumiza ku zigayo ndiponso kufikitsa fataleza kwa alimi. M'zaka za m'ma 1970 Boma linaika mtengo umodzi wa cimanga m'dziko lonse, kotero kuti mlimi wa ku Lundazi anali kulandira cimodzimodzi ndi mlimi wa pafupi ndi njanji. Unga m'matauni unali wochipa, ndipo ndalama zotsala pakati, pamodzi ndi za malole, zinali kucokera m'thumba la Boma. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, thumba limenelo linayamba kuuma. Zotsatira zace alimi acikulire akuzikumbukira: masaka kusowa, malipiro kucedwa, ndi cimanga kunyowa ndi mvula cisanatengedwe.

Pofuna kucotsa mavuto amenewa, m'zaka za m'ma 1980 nchito yogula cimanga inali kusinthidwasinthidwa pakati pa Namboard ndi mabungwe a makopaletivu a m'zigawo. Potsiriza, mu 1989, Namboard inathetsedwa ndipo udindo wa cimanga unapatsidwa kwa Zambia Co-operative Federation. Koma gwero la matenda silinakhudzidwe. Makopaletivu analandira katundu wa Namboard popanda ndalama zokwanira zogulira mbeu pa nthawi yace, ndipo misewu ndi malo osungiramo zinali zomwe zija. Dzina la pa cikwangwani linasintha, mlimi napitiriza kudikira.

Mtengo wa unga nawo unasonyeza kuopsa kwa kusintha zinthu mwadzidzidzi. Mu December 1986 mtengo wa unga woyera utakwezedwa, ku Copperbelt kunabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu, ndipo Boma linabweza cigamulo cace. Mu June 1990 zipolowe zinabukanso mu Lusaka. Kenaka Boma la Frederick Chiluba, limene linalowa mu 1991, linamasula msika wa cimanga kuti amalonda azigula okha. Amalondawo sanafulumire kufika kumadera akutali, makopaletivu ambiri anafooka, ndipo lamulo la mu 1995 linakhazikitsa Food Reserve Agency kuti dziko likhalenso ndi nkhokwe yace.

Ngakhale m'zaka za posacedwapa phunziroli linabwerezedwa. Njira yolandirira fataleza ndi mbeu pa khadi, yochedwa e-voucher, inayesedwa m'maboma owerengeka m'nyengo ya 2015/2016 ndipo inafalitsidwa m'dziko lonse mu 2017/2018. Colinga cinali cabwino, pakuti mlimi anali ndi ufulu wosankha zimene afuna kwa wogulitsa. Koma m'madera ambiri makhadi anacedwa kutsegulidwa kufikira mvula itagwa, ndipo caka cotsatira maboma ena anabwerera ku njira yakale.

Pa zonsezi pali mfundo zinai zimene oyendetsa makampani, ndiponso apampando ndi alembi a makopaletivu a m'midzi, ayenera kuzigwiritsa.

Coyamba, mtsogoleri adziwe bwino cimene cadwala asanapereke mankhwala. Ngati vuto ndi kusowa kwa ndalama zogulira mbeu, kucotsa manejala kapena kuphatikiza madipatimenti sikungabale kwaca ngakhale imodzi.

Caciwiri, udindo uziyendera pamodzi ndi zipangizo. Amene wapatsidwa nchito yogula cimanga apatsidwenso sikelo, masaka, matenti, galimoto ndi kalaliki wodziwa kusunga mabuku. Akuluakulu anati walira mvula walira matope: wofuna njira yatsopano awerengeretu mtengo wace wonse.

Cacitatu, kusintha kutsate kalendala ya munda. Mvula siidikira msonkhano wa komiti. Njira yatsopano yogawira fataleza iyenera kukhala itayesedwa ndi kukonzeka mwezi wa October usanathe, ndipo ya kagulidwe ka mbeu ikhale yokhazikika kukolola kusanayambe. Njira yakale isatsekedwe yatsopano isanaime pa miyendo yace.

Cacinai, anchito ndi mamembala auzidwe zoona nthawi ikalipo. Kalaliki amene wamva mphekesera yakuti nchito yace ikutha amataya mtima pa mabuku, ndipo membala amene sanafunsidwe amakagulitsa mbeu zace kwa wamalonda woyamba kufika pamudzi. Msonkhano wa onse, woitanidwa m'nthawi yabwino ndi kufotokoza ziwerengero poyera, umateteza kabungwe kuposa cidindo ca mu ofesi.

Motero mamembala a makopaletivu ali ndi udindo wofunsa mafunso pamene komiti yabwera ndi maganizo atsopano. Afunse kumene ndalama zidzacokera, amene adzayankha zinthu zikalakwika, ndi tsiku limene mlimi adzalandira malipiro ace. Mtsogoleri amene ali ndi mayankho a mafunso atatuwa ayenera kuthandizidwa ndi mtima wonse. Amene alibe abwezedwe kuti akakonzekere, cimanga ca anthu cisanaikidwe m'manja mwace.