Nkhope ya munthu si ya a mfumu

Galimoto ikaima m'mudzi wa ku Angónia kapena ku Tsangano, alendo amayamba ndi kulonjera a mfumu. Ndi ulemu woyenera. Koma a mfumu akangoti "jambulani", alendo ambiri amayesa kuti mudzi wonse wavomera. Mayi ali pamtondo, mwana wodwala ali pasikelo, gogo wa malaya ong'ambika, onse amalowa m'kamera popanda wowafunsa.

Anthu a m'malire sanayambe lero kujambulidwa. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, zithunzi za amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu zinafika maiko akutali, eni ake osadziwa. Lero lamya ya m'manja imafikitsa chithunzi pa Facebook mlendo asanatuluke m'mudzi.

Chikhalirecho lamulo lilipo. Ndime 79 ya Código Civil imati chithunzi cha munthu sichionetsedwa, kuchulukitsidwa kapena kugulitsidwa mwini wake asanavomere. Mwini wake, osati a mfumu, osati secretário wa m'deralo. Ngati ndi mwana, ovomera ndi makolo ake.

Si chithunzi chilichonse chimene chimafuna chilolezo. Mtolankhani akajambula msika wa ku Ulónguè uli piringupiringu, sangafunse aliyense. Administrador akamalankhula pamsonkhano, udindo wake ndiwo wamuika poyera. Koma ndime yomweyo imaletsa chithunzi chonyozetsa munthu kapena kumuchotsera ulemu, ngakhale chitajambulidwa pagulu. Ndipo nkhope ya mlimi mmodzi ikaikidwa pa chikwangwani chotsatsa mbewu kapena feteleza, amenewo ndi malonda. Pamenepo wojambula ayenera kupempha, ndipo wanzeru amalembetsa papepala.

Vuto lili papepala lomwelo. Nthawi zambiri limabwera m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, ndipo mayi amene sanapite kusukulu amadinda chala poganiza kuti akulembetsa dzina pa chithandizo cha chimanga. Chilolezo chotere n'chakuba, ngakhale inki itaoneka bwino chotani.

Wojambula woona mtima amawerenga pepalalo m'Chichewa, nanena kumene chithunzi chikupita, amene akachigwiritse ntchito, ndiponso ngati pali ndalama. Amanenanso poyera kuti wokana sachotsedwa pa mndandanda wa chithandizo, pakuti mantha amenewo ndiwo amadinditsa anthu zala. Ndipo pepala lisakhale limodzi: lina lipite ndi mlendo, lina litsale m'nyumba ya wojambulidwayo.